Phazi Lamanzere la a Sathamanga

Dzina loti Sathamanga anawapatsa ndi makondakitala a padepoti, ndipo poyamba linali lachipongwe. Madalaivala ena akangotuluka m'tauni n'kuona msewu uli see, ankaponda moto mpaka mawindo a basi kumalira, koma bambo amenewa ayi. Liwiro lawo linali lomwelo m'mawa ndi madzulo, kaya okwera akung'ung'udza kuti achedwa kuntchito, kaya wina kumbuyo akufunsa ngati atsike kuti akankhe. Iwo ankangoyang'ana pagalasi n'kumwetulira. Zaka zitapita, okwera omwewo anayamba kufunsa pogula matikiti ngati basi yotsatira ili ya a Sathamanga, ndipo amayi a ana aang'ono ankalolera kudikira kuti akwere imeneyo. Dzina lija linasiya kuluma, mwiniwake n'kuyamba kulivomera ngati lobadwa nalo.

Ankafika padepoti anzawo asanafike. Ankazungulira basi akugogoda matayala ndi kachitsulo, khutu lili tcheru, kenako n'kuona oilo, madzi ndi magetsi, n'kupukuta chiwongolero ndi kansalu kamene kankakhala m'thumba la jekete. Chiwongolero chija chinali chachikulu ngati chivundikiro cha mgolo, ndipo kilatchi yake inali yolimba moti dalaivala watsopano ankatsika akutsimphina. Akazi awo, amene anali telala, ndiwo anayamba kuzindikira kuti katumba wa mwendo wamanzere wa amuna awo wakula kuposa wamanja. Ankati akamawasokera buluku ankakhala ngati akusokera anthu awiri, wina wonenepa wina woonda, ogwirizana m'chiuno basi.

Mayiwo ankasokera m'chipinda chakumaso cha nyumba yawo, chimene anachitsegulira khomo loyang'ana kumsewu. M'menemo munali makina opalasa ndi mapazi, tebulo lodulira nsalu, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi botolo la mabatani osafanana. Ana atatu anakulira m'phokoso la makinawo. Anyamata awiri anatenga njira zawo, wina uphunzitsi wina zamagetsi. Mzime, mwana wamkazi yekhayo, ndiye anadabwitsa anthu: anakhoza bwino masamu, anapeza malo kusukulu yophunzitsa kuulutsa ndege, ndipo patapita zaka anabwerera kudzaphunzitsa ena pa kabwalo ka ndege zing'onozing'ono kunja kwa tauni. Anansi ankamutchula kuti Kaputeni, ngakhale iye ankawauza kuti udindo umenewo sanaufike. Bambo ake ankangomuitana kuti mayi, monga ankachitira akadali kamwana.

Kupuma pantchito sikunawayanje a Sathamanga. Mwezi woyamba anapenta mpanda, anakonza matepi onse odontha, n'kunola masizasi a akazi awo mpaka ena kuwonongeka. Zimenezi zitatha anayamba kukhala pakhonde n'kumaweruza galimoto iliyonse yodutsa: uyu wasintha giya mochedwa, uyo tayala lake laphwa, winayo laisensi anaitola panjira. Akatopa ankalowa m'chipinda chosokera n'kuyamba kucheza ndi makasitomala, moti mayi wobwera kudzayesa diresi ankatuluka atamva zonse za mabuleki a mpweya. Tsiku lina akazi awo anaimbira foni mwana wawo n'kumuuza kuti abwere adzatenge bambo ake, apite nawo kulikonse, ngakhale kumwamba komwe amapitako.

Mwanayo anamvera mawuwo monga anamvekera. Loweruka lotsatira anawakweza m'kandege ka mipando iwiri, n'kuwaveka mahedifoni, n'kuwamanga malamba. Kandegeko kanali kopepuka moti munthu mmodzi ankatha kukakoka ndi manja potulutsa m'shedi, ndipo a Sathamanga anakayang'ana mokayikira, akuganiza kuti chitseko cha basi yawo chinali cholemera kuposa phiko lonse. Koma atanyamuka, mantha anawathera m'njira. Anaona msewu umene anauyenda moyo wawo wonse uli ngati ulusi wogwera pansi. Chitunda chimene chinkawavutitsa ndi giya yoyamba, injini ikubuula, kumwambako sichinkaoneka n'komwe. Atatsika anayamba mafunso, ndipo sanawamalize mpaka pamene mwana wawo anawatula pakhomo. Pa Khirisimasi ana atatu aja anagwirizana kuti mphatso ya bambo awo yopumira pantchito ikhale maphunziro a ndege, mphunzitsi wake mzime yemweyo.

Tsiku loyamba mwanayo anawauza mwaulemu koma mosapita m'mbali kuti kunyumba iwo ndi bambo, koma m'ndege mawu omaliza ndi ake. Akanena kuti asiye, asiye zonse nthawi yomweyo, mafunso pambuyo. Iwo anavomera mosangalala, ndipo kuyambira pamenepo akafika pabwalo ankamutchula kuti aphunzitsi, mpaka kumuvulira chipewa, iye n'kumachita manyazi pamaso pa anzake.

Za mumlengalenga sizinawavute kwenikweni. Anali ndi manja ofatsa, ankamva injini ndi khutu, ndipo kuyendera ndege asanakwere kunali ngati kubwerera padepoti. Chimene chinawazunza ndi pansi. Ndege ili ndi chiwongolero ndithu, koma ntchito yake n'kupendeketsa mapiko ndi kukweza kapena kutsitsa mphuno. Pansi sichikhotetsa kanthu. Amene amakhotetsa ndi mapazi, pa zopondera ziwiri zimene zimatembenuza tayala lakutsogolo pamodzi ndi chipsepse cha kumchira. Ukaponda kumanja ndege imalowera kumanja, ukaponda kumanzere imalowera kumanzere. A Sathamanga anazimva bwinobwino, anazibwereza pakamwa osaphonya, koma ndege ikangoyamba kuyenda manja ankapotoza chiwongolero okha, mapazi ali duu. Kandege kankayenda mokhotakhota ngati munthu wochokera kumowa, ndipo makaniko wa pabwalopo, bambo wamng'ung'u wosayankhulayankhula, ankatuluka m'shedi kudzaonerera atagwira m'chiuno. Mapeto ake mwana wawo anawalamula kuti poyenda pansi azikhalira manja awo. Bambo wa imvi anazungulira bwalo lonse atakhalira zikhatho ngati mwana wolangidwa, ndipo madzulo atafotokoza kunyumba, akazi awo anaseka mpaka kugwetsa mapini amene anali pakamwa. Anati iwo akhala akudya za mapazi kuyambira ali mtsikana, nanga bwanji sanafunsidwe nzeru.

Panali chinthu china chimene mwanayo ankachibwereza tsiku lililonse. Ndege ya injini imodzi, ukaipatsa moto wonse ponyamuka, imakokera kumanzere yokha chifukwa cha kazunguliridwe ka pulopela, choncho phazi lamanja liyenera kukhala likukankha. Mphepo ikamawomba cha m'mbali, ndege imafunanso kutembenuzira mphuno kumene mphepoyo ikuchokera. Ndipo zikayamba kusokonekera matayala akadali pansi, mankhwala ake ndi amodzi: kukoka kachitsulo ka moto, injini ifooke, ulendo ulephereke. Kunyamuka si ngongole, ankatero.

Pang'onopang'ono mapazi anadzuka. Nyengo yamvula inadutsa, udzu wa m'mbali mwa msewu wa ndege unakula n'kutchetchedwa, ndipo m'mawa wina wopanda mphepo mwanayo anatsika m'ndege injini ikulira, n'kuwauza kuti azungulire okha kamodzi. Anazungulira, anatera bwino. Tsiku limenelo makaniko anawagwira chanza koyamba. Anaulukanso okha maulendo ena angapo, onse bwinobwino, moti mumtima anayamba kudziona ngati munthu amene wawoloka.

Tsoka silinunkha. Tsiku la ngoziyo kunacha bwino, thumba losonyeza mphepo lili lende pamtengo wake. Mwana wawo analiyang'ana, anawalola kuti apite okha, iye n'kulowa m'kalasi ndi wophunzira wina. A Sathamanga anayendera ndege mwachizolowezi chawo, mosafulumira. Anapeza tayala limodzi lofewa pang'ono, anakabwereka pampu, kenako anadikiranso ndege ina kuti itere. Pamene ankafika poyambira msewu dzuwa linali litakwera, ndipo thumba lija linali litayamba kudzuka n'kumagwa, likuloza kumanja. Mphepo inkachokera kumanzere. Anaiona, anaiyeza m'mutu, n'kuona kuti siinapitirire imene anaphunzira nayo. Komabe anaganiza kuti achite changu isanakule, ndipo munthu amene moyo wake wonse sanathamangirepo kanthu anakankha kachitsulo ka moto kamodzi n'kamodzi mpaka kumapeto.

Injini inabangula, ndege n'kuyamba kuthamanga. Mzere woyera wa pakati pamsewu unayamba kuthawira kudzanja lamanja. Anaponda kumanja, koma mosakwanira. Nthawi yomweyo mphepo inawomba mwamphamvu, mphuno ya ndege n'kupotokera kumanzere ngati yakokedwa ndi chingwe, ndipo kutsogolo kwawo anaona udzu m'malo mwa tala. Zonse zimene anaphunzira zinali m'mutu, koma madzi saiwala khwawa. Manja anapotoza chiwongolero kumanja monga ankachitira mbuzi ikadumphira mumsewu, ndipo phazi lamanzere, lija la katumba wamkulu, linapita kukafuna kilatchi n'kuponda mpaka pansi. Ndege inamvera phazilo. Phiko lakumanzere linadzuka, tayala limodzi linalira pa tala, kenako anamva udzu ukukwapula kumimba kwa ndege. Dzanja lawo linkafufuza giya, ndipo chimene linapeza ndi kachitsulo ka moto kaja. Anakakoka. Injini inafooka, liwiro linachepa, koma ngalande yamadzi amvula inali itafika kale. Tayala lakutsogolo linagweramo, pulopela inatema dothi, malamba n'kuwakoka pachifuwa, zonse zii.

Anamva fungo la udzu wophwanyika ndi dothi lonyowa. Kenako anatseka mafuta ndi magetsi monga anawaphunzitsira. Atatero anatembenuka kuti aone ngati okwera onse ali bwino, ndipo kumbuyoko anangopeza jekete lawo litagwera pansi.

Woyamba kufika anali mwana wawo, wefuwefu, nsapato imodzi ataisiya panjira. Anatsegula chitseko n'kuwagwira kumaso ndi manja onse awiri.

"Ababa, mwavulala?"

Mawu oti ababa anali asanawamve kuchokera pamene mwanayo anali ku pulayimale.

"Ayi, mayi. Koma ndege ya eni ake ndaipha."

"Tulukani kaye. Ndege ilibe ana."

Anatuluka ndi kachotupa pachipumi ndi mkwingwirima wa lamba paphewa, basi. Ndege inathyoka mwendo wakutsogolo, pulopela inapindika, ndipo makaniko atafika ndi thirakitala anangoizungulira kamodzi n'kunena kuti injini iyenera kumasulidwa yonse. Masana omwewo mkulu wa sukuluyo anawaitanira muofesi, ndipo patapita masiku kunabwera munthu wofufuza za ngozi za ndege. A Sathamanga anafotokoza zonse m'ndondomeko yake, osabisa za changu chawo ngakhale za kilatchi. Wofufuzayo anaika cholembera pansi n'kuwayang'ana. Anati ndege zothawa msewu ponyamuka waziona zambiri, zoyendetsedwa ndi achinyamata, madokotala, ngakhale akatswiri amene, ndipo zambiri zimathawira kumanzere komweko, koma kilatchi m'ndege ankaimva koyamba. Anawonjezera kuti kukoka moto kuja n'kumene kunachititsa kuti akhale akucheza muofesi osati kuchipatala. Iwo sanamuuze kuti dzanjalo linkafuna giya, koma atatuluka chinawavuta mumtima, n'kubwereranso kukamuuza.

Tsiku la ngoziyo atafika kunyumba, akazi awo sanakuwe kapena kulira. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anakhudza chotupa chija, n'kupita kukatereka madzi osamba. Koma tsiku limenelo makina sanalirenso.

Masabata otsatira a Sathamanga anakhala ngati nkhuku yonyowa. Pa zaka zonse za basi sanagundepo ngakhale galu, ndipo ulemu umenewo ankauvala ngati malaya. Tsopano ankaona ngati aliyense wodutsa pamsewu akudziwa kuti anagwera m'ngalande. Anasiya kukhala pakhonde, n'kumakhala kuseri kwa nyumba akupalira maluwa amene anali opalira kale. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti mwana wawo ankangoimba foni mwachidule kufunsa za phewa, osabwera. Anaganiza kuti amuchititsa manyazi pantchito, ndipo anauza akazi awo kuti za ndege azisiya, ukalamba suphunzira kuvina. Mayiwo anapitiriza kudula nsalu, n'kuyankha kuti iwo amva zoti amuna awo anagwera m'ngalande, osati kugwa kuchokera kumwamba, ndipo m'ngalande ngakhale wa njinga amagweramo. Anati ngati akusiya chifukwa choopa imfa, iwo avomereza ndi manja awiri, pakuti sanakonzeke kuvala zakuda. Koma ngati n'chifukwa cha manyazi, ndiye aganizenso, chifukwa manyazi sanaphepo munthu, pamene mwamuna wokhala pakhomo tsiku lonse akhoza kupha mkazi wake.

Lamlungu lina masana mwanayo anabwera. Anawapeza m'chipinda chosokera atagwada, akulumikiza lamba wa makina amene anaduka. Anakhala pa mpando wa makasitomala n'kumawapatsira pulayala, onse awiri osayang'anana. Atatha kulumikiza, bamboyo anati akupepesa kuti anamuyalutsa pamaso pa mabwana ake.

"Simunandiyalutse, bambo. Ine ndi amene ndinakulolani kupita, ndipo sindinatulukenso kukaona mphepo. Zimenezo ndinawauza. Chimene chandiletsa kubwera n'chakuti ndikatseka maso ndimaona ndege ija ili chogwada m'ngalande, ndipo sindidziwa chimene ndikachipeze ndikatsegula chitseko."

A Sathamanga anakhala pansi, pulayala ili m'manja. Anali asanaganizepo kuti aphunzitsi awo angachite mantha. Anamuuza za chaka chimene iye anayamba sukulu ya ndege, kuti tsiku lililonse akamva kulira kwa injini kumwamba ankachepetsa liwiro la basi n'kusuzumira pawindo, mtima uli m'mwamba, koma sanamuuzepo chifukwa sanafune kumulemetsa mapiko. Mwanayo anaseka misozi ili m'maso, n'kufunsa kuti liwiro lake liti limene ankachepetsalo. Amayi ake, amene ankamvetsera ali kukhitchini, anabweretsa tiyi ndi buledi n'kunena kuti popeza onse awiri ndi olakwa, mlandu watha, amwe tiyiyo asanazizire.

Amene anawabwezera pabwalo ndi makaniko. Anatumiza uthenga woti zipangizo zafika, ndipo munthu amene anathyola mwendo wa ndege abwere adzaugwirire pomanga. A Sathamanga anavala ovolosi yakale ya padepoti n'kupita. M'shedi munali fungo la oilo ndi mafuta a ndege, nkhunda zikulira kudenga. Palibe amene anawaseka kupitirira muyeso. Wophunzira wina anawafunsa ngati abwera ndi kilatchi yatsopano, onse n'kuseka, iwo omwe, nkhani n'kuthera pomwepo. Masiku amenewo ankatsuka mabawuti, kupatsira masipanala ndi kuunikira ndi tochi. Tsiku lina makaniko anawauza kuti agone chagada pansi pa mipando aone okha. Anaona mawaya akuchoka pa zopondera, ena kupita kumchira, tizitsulo tina kupita ku tayala lakutsogolo. Anatsatira a chiwongolero ndi chala mpaka anakalowa m'mapiko. Anapotoza chiwongolero uku ndi uku akuyang'ana tayala, tayala lili chilili. Zinali zomwezo zimene anauzidwa tsiku loyamba, koma munthu wa zitsulo amakhulupirira chimene wachigwira.

Ndege itachira, anafunsa mwana wawo ngati angafune kuti awapezere mphunzitsi wina, kuti mtima wake upume. Iye anaganiza usiku umodzi n'kubwera ndi yankho loti ayi, ntchito anaiyamba yekha, aimaliza yekha. Koma maphunziro anasintha. Kwa nthawi ndithu sananyamuke n'komwe. Ankaima poyambira msewu, bamboyo n'kukankha moto pang'onopang'ono, ndege n'kuthamanga, ndipo pena paliponse mwanayo ankangoti, "Siyani." Dzanja linkakoka moto, mapazi n'kusunga mzere woyera pakati mpaka ndege itaima, kenako n'kubwerera kukayambiranso. Nthawi zina ankaponda yekha mwadala chopondera chakumanzere kuti aone chimene bambo ake achite. Anabwereza zimenezi mpaka dzanja linayamba kukoka moto mawu asanathe kutuluka pakamwa. Masiku a mphepo ya m'mbali, amene kale ankawapewa, tsopano ankachita kuwafunafuna. A Sathamanga anasiya nsapato zawo zolemera za chikopa n'kugula zansalu zopyapyala pansi, kuti phazi lizimva chimene likuponda. Asanakankhe moto ankayang'ana phazi lamanzere n'kulilankhula chapansipansi kuti likhale phee, ntchito yake inatha kalekale, lidye penshoni. Mwana wawo ankazimva m'mahedifoni koma ankakhala ngati sanamve.

Tsiku limene anawalolanso kuuluka okha, mwanayo sanalowe m'kalasi. Anaima pa udzu ndi wailesi m'manja kuyambira ponyamuka mpaka potera, ndipo makaniko anati anamuona akuponda pansi ndi phazi lamanja nthawi yonse imene ndege inkathamanga. Mayeso omaliza anawayesa munthu wachilendo wochokera kwina, amene sankadziwa za basi kapena za ngalande. A Sathamanga anakhoza, ngakhale kuti anatenga nthawi yaitali kuposa wophunzira wina aliyense amene sukuluyo inali itaphunzitsapo. Anyamata awo awiri anabwera ndi mabanja awo, panyumba panadzaza, ndipo mdzukulu wina anafunsa ngati tsopano agogo azitchedwa Kaputeni nawonso. Agogo aakazi anayankha kuti nyumba imodzi siikhala ndi makaputeni atatu, ndipo ana atawerenga n'kupeza awiri okha, anawauza kuti awerengenso bwino.

Mayiwo kuuluka anakana, ndipo akukanabe. Anafikako pabwalo kamodzi kokha, atamva kuti mipando ya kandege kaja yang'ambika. Anabwera ndi tepi yoyezera pakhosi, analowa m'ndege, anakhala pampando wa woyendetsa, n'kuchenjeza kuti aliyense amene angayerekeze kuliza injini adzaona. Anayeza mipando yonse iwiri, anadandaula kuti amene anasoka poyamba sankadziwa ntchito, ndipo sabata yotsatira anatumiza zovundikira za nsalu yolimba yobiriwira, zokhala ndi kathumba kumbali koikamo magalasi a maso.

Masiku ano a Sathamanga amapita kubwalo kawiri kapena katatu pamwezi. Sapita kutali. Amazungulira tauni, nthawi zina amakafika kumapiri n'kubwerera, ndipo akakhala ndi mwayi mwana wawo amakwera nawo ngati mlendo, manja atapinda, akuyesetsa kuti asanene kanthu. Dokotala amawayeza maso ndi mtima chaka chilichonse, ndipo iwo amati tsiku limene adzawaletse sadzatsutsa, adya kale gawo lawo. Ngalande ija anaikwirira n'kuikamo mapaipi, udzu unamerapo, moti ophunzira atsopano sadziwa n'komwe pamene inali.

Loweruka lapitali anafika m'mawa, anatulutsa ndege, anaiyendera yonse, n'kupeza zonse zili bwino. Atayang'ana thumba la mphepo anaona litaima chopingasa, likukupiza. Analiyang'anitsitsa kanthawi, kenako anabweza ndege m'shedi n'kuika zotsekera kumatayala. Makaniko anali atatereka kale ketulo. Anakhala awiriwo pa benchi ya pakhomo la shedi, makapu m'manja, akuonerera wophunzira watsopano, nesi wa pachipatala cha m'tauni, akuyendetsa ndege pansi koyamba. Inkapita uku n'kubwerera uku, ndipo kudzera pagalasi ankatha kuona chiwongolero chikupotozedwa mwamphamvu. Makaniko anawagunda ndi chigongono, koma iwo anangomwa tiyi wawo, poti kuphunzitsa kuli ndi mwiniwake. Dzuwa litafika pamutu anatsanzika, chifukwa akazi awo anawatuma mazipi ndi ulusi wakuda, ndipo sitolo yake Loweruka imatseka msanga.